Musanavote kapena kunyanyala: kasefedwe ka ndime za mgwirizano wa pantchito ku Australia

Mukhoza kulimbana ndi abwana miyezi isanu ndi umodzi, mpaka kugwirana chanza, antchito n'kuvota, bungwe la boma loona za ntchito la Fair Work Commission, kapena kuti Komishoni, n'kuvomereza, koma ndime imene munaikhetsera thukuta kwambiri n'kukhala yakufa kuyambira tsiku loyamba. Ili papepala ndithu, aliyense akuiona, komabe palibe khoti limene lingakakamize munthu kuitsatira. Zimenezi zimachitika chifukwa ku Australia kugwirizana kokha sikokwanira. Lamulo la Fair Work Act 2009 linaika mpanda wa zinthu zimene mgwirizano wa pakampani, umene kumeneko amautcha enterprise agreement, ungakambe. Zina zili m'kati mwa mpandawo, zina zili kunja, zina n'zoletsedwa kotheratu, ndiye pali zinanso zimene lamulo limafuna kuti zikhalemo kaya mukufuna kaya simukufuna.

Malangizo awa ndi a inu amene mwasankhidwa kuimira anzanu pa zokambirana, a inu amene mukulemba m'malo mwa kampani, komanso a inu amene mwangolandira chikalata cha masamba 60 n'kuuzidwa kuti voti ndi mlungu wamawa.

Poyambira: dziwani kaye pamene mwaima

Fair Work Act imakhudza pafupifupi onse ogwira ntchito m'makampani omwe si aboma. Koma ku Western Australia, amene analembedwa ntchito ndi munthu wochita bizinesi payekha kapena ndi bizinesi ina yosalembetsedwa ngati kampani amatsatira malamulo a chigawocho, ndipo antchito aboma a m'zigawo zambiri ali ndi malamulo awoawo. Ngati muli m'gulu limeneli, zambiri za m'munsimu sizanu. Kumbukiraninso kuti mgwirizano wotere supangidwa ndi wantchito mmodzi. Ayenera kukhala awiri kapena kuposa.

Mukatsimikiza, ikani mapepala atatu patebulo. Loyamba ndi award ya ntchito yanu, kutanthauza mlingo wa malipiro ndi zoyenera zina umene Komishoni inaikira gawo lonse la ntchito, monga ogulitsa m'masitolo, osamalira okalamba kapena omanga nyumba. Lachiwiri ndi National Employment Standards, mwachidule NES, kutanthauza mlingo wapansi wa zoyenera zimene lamulo lenilenilo limapatsa antchito. Lachitatu ndi mgwirizano wakale ngati ulipo. Migwirizano yonse yovomerezedwa ili pa webusaiti ya Komishoni, ndipo aliyense akhoza kuiwerenga osalipira kanthu. Werengani ya makampani awiri kapena atatu ofanana ndi yanu. Koma musakopere mwachimbulimbuli, pakuti ndime yakufa imadutsa ku Komishoni bwinobwino limodzi ndi zinzake zamoyo.

Chachiwiri: pa chofuna chilichonse, funsani kuti "uwu ndi ubale wa yani ndi yani?"

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tichedwapo.

Gawo 172 la lamuloli limalola mitu inayi yokha. Woyamba ndi nkhani zokhudza ubale wa wolemba ntchito ndi antchito amene mgwirizanowo udzawakhudze. Wachiwiri ndi nkhani zokhudza ubale wa wolemba ntchito ndi bungwe la antchito, yuniyoni, limene lili mu mgwirizanowo. Wachitatu ndi ndalama zodulidwa pa malipiro, wantchito mwini wake atalola. Wachinayi ndi mmene mgwirizanowo udzayendere. Lembani zofuna zanu zonse pa pepala, chilichonse pa mzere wake, ndipo pambali pake lembani mutu umene chikulowa. Chimene chasowa mutu, chizungulizeni ndi cholembera chofiira.

Zambiri sizivuta. Malipiro, ovataimu, maalawansi, mashifiti, tchuthi, magiredi, kukwezedwa pantchito, maphunziro, zovala zodzitetezera, ndalama zolandira ntchito ikatha, penshoni imene kumeneko amaitcha super: zonsezi zili mu mutu woyamba. Ngakhale chiwerengero cha anthu pa shifiti chimalowa. Kale abwana ankati nkhani ya kuchuluka kwa antchito ndi yawo okha, koma khoti lalikulu la dzikolo, High Court, linakana maganizo amenewo mu 1987 pa mlandu wa Re Cram. Choncho ndime yonena kuti namwino mmodzi asapatsidwe odwala opitirira chiwerengero chakuti ndi yololedwa, makamaka ikalembedwa moonetsa kuti cholinga chake ndi chitetezo ndi umoyo wa antchito.

Vuto limayamba pamene ndime yatambasula dzanja n'kugwira munthu wachitatu. Mawu akuti "zokhudza ubale" makhoti akhala akuwatanthauzira kwa zaka zoposa 100, ndipo mfundo yake ndi yakuti nkhaniyo ikhudze bwana monga bwana ndi wantchito monga wantchito, mwachindunji, osati mozungulira. Mlandu umene aliyense wa m'ntchito imeneyi amaudziwa ndi wa kampani ya Electrolux. Mu 2001 mayuniyoni anafuna kuti kampaniyo izidula madola 500 pachaka kwa antchito atsopano amene sanalowe yuniyoni, ngati malipiro a ntchito yowakambirira. Mu 2004 High Court inagamula kuti imeneyi si nkhani ya bwana ndi wantchito, koma ya wantchito ndi yuniyoni, kampani ikungokhala mtumiki wotolera ndalama. Pa lamulo la nthawi imeneyo, ndime imodzi yokhayo inali yokwanira kuononga mgwirizano wonse, ndipo sitalaka imene inachitika poifuna inapezeka yopanda chitetezo. Migwirizano yambirimbiri inagwedezeka moti Nyumba ya Malamulo inachita kupanga lamulo lapadera chaka chomwecho kuti iipulumutse.

Lero zinthu zinafewa pang'ono, ndipo kufewako n'komwe kumapusitsa anthu. Gawo 253 limati ndime yosakhudza nkhani yololedwa ilibe mphamvu, koma mgwirizano wonse umakhalabe. Komishoni ikamaunika mgwirizano, kusaka ndime zoterezi si ntchito imene lamulo linaipatsa kuti ichite isanavomereze. Ndiye chifukwa chake mutha kukhala zaka zitatu mukunyadira ndime imene tsiku loipa likafika, loya wa kampani adzangoiuzira ngati phulusa.

Tione pafupi nkhani ya makontirakitala ndi antchito obwereka ku makampani ena, chifukwa m'pamene anthu ambiri amapunthwa. Tiyerekeze kuti antchito a m'nyumba yosungiramo katundu atopa kuona ntchito yawo ikupatsidwa kwa anthu akunja otsika mtengo. Wina pamsonkhano akuima n'kunena kuti, "Tilembe kuti kampani isalembenso kontirakitala aliyense, basi." Onse m'manja. Koma ndime imeneyo ndi yakufa. Kuletsa kotheratu kotere kumakhudza ubale wa kampani ndi anthu akunja, ndipo makhoti anakukana kalekale, kuyambira mlandu wa Cocks mu 1968. Tsopano ilembeni chonchi: kampani isanabweretse makontirakitala pa ntchito imene antchito ake amagwira, ikambirane nawo kaye, ndipo obwerawo asalandire malipiro ndi zoyenera zochepera zimene zili mu mgwirizano uno. Cholinga n'chomwecho, choteteza ntchito zanu, koma tsopano ndimeyo yamangiriridwa pa chitetezo cha ntchito ya anthu a m'kati. Ndime yofanana ndi imeneyi, ya mu mgwirizano wa kampani ya zamagetsi ya ADJ Contracting, inatsutsidwa ndi bungwe la olemba ntchito la Australian Industry Group, koma khoti la Federal Court linaisiya chilili mu 2012. N'chimodzimodzi ndi aganyu, amene kumeneko amawatcha casual: kuletsa kampani kuwalemba n'kosaloledwa, koma kunena kuti waganyu akagwira nthawi yakuti apatsidwe mwayi wa ntchito yokhazikika n'kololedwa.

Pali zofuna zina zimene n'zabwino ndithu mu mtima, koma zili kunja kwa mpanda. Kukakamiza kampani kapena antchito kupereka ndalama ku chipani cha ndale kapena ku bungwe lachifundo. Kuuza kampani kuti izigula katundu kwa okhawo amene amasamala chilengedwe. Kuilamula kuti ichepetse utsi woononga nyengo. Ine ndimaona kuti mpandawu ndi wothina kuposa mmene uyenera kukhalira, chifukwa anthu akuluakulu awiri akagwirizana mwaufulu, n'chifukwa chiyani boma liwauze kuti izi musakambe? Koma kudandaula kwanga sikusintha gawo 172. Chimene mungachite n'kuyang'ana ngati nkhaniyo ili ndi mbali yokhudza thupi kapena ntchito yanu. Ndime yolamula kampani kulimbana ndi kusintha kwa nyengo ndi yakufa. Ndime yonena kuti kutentha kukafika mlingo wakuti ntchito yapanja iime ndipo anthu alipidwe ndi yamoyo, pakuti imeneyo ndi nkhani ya chitetezo pantchito.

Chachitatu: mitu itatu yotsalayo

Mutu wa yuniyoni unawonjezedwa dala mu 2009. Zaka zochepa m'mbuyomo, pa malamulo a Work Choices a boma la John Howard, zinthu ngati tchuthi chopitira ku maphunziro a yuniyoni zinali pa mndandanda wa zoletsedwa, ndipo kungoyesa kuziika mu mgwirizano kunali ndi chindapusa. Tsopano n'zololedwa: tchuthi cha maphunziro, nthawi yolipidwa ya misonkhano, bolodi lomatapo zidziwitso, mwayi woti yuniyoni ilankhule ndi antchito atsopano, ndi kutenga mbali pothetsa mikangano. Chofunika n'chakuti ndimeyo ikhudze yuniyoni pa udindo wake woimira antchito a pamalopo.

Za ndalama zodulidwa, mawu ofunika ndi akuti "wantchito atalola". Ndalama ya umembala wa yuniyoni, inshuwalansi ya kuchipatala, ndalama yowonjezera ku penshoni, zonsezi zimatheka. Koma kudula kopindulitsa bwana mopanda chilungamo kulibe mphamvu ngakhale kulembedwe bwanji, monga kudula wogulitsa m'sitolo chifukwa ndalama za mu tilu sizinakwane popanda umboni woti ndiye wolakwa. Ndipo wantchito wosafika zaka 18 sadulidwa kanthu popanda kholo kapena womulera kuvomereza polemba.

Mutu wachinayi ndi wa zinthu ngati tsiku loyambira, amene akukhudzidwa, ndi nthawi yoyambira kukambirana mgwirizano wotsatira. Pano pamapezeka ndime yotchuka yoti palibe mbali imene idzabweretse zofuna zatsopano mgwirizano usanathe. Ndi yololedwa, koma musaiyese khoma lamiyala. Kumapeto kwa 2013 kampani ya Toyota inafuna kuti antchito a pa fakitale yake ya ku Altona, mu Melbourne, avotere zosintha mgwirizano. Ena mwa antchito anathamangira kukhoti atanyamula ndime imeneyi ndipo poyamba anapambana, koma mu 2014 majaji a apilo anati ndime singatseke njira yosinthira mgwirizano imene lamulo lenilenilo linatsegula. Pofika pamenepo kampaniyo inali italengeza kale kuti idzasiya kupanga magalimoto m'dzikolo.

Chachinayi: zulani ndime zoletsedwa

Musasokoneze gulu ili ndi lam'mbuyolo. Ndime yosaloledwa imangogona chete. Ndime yoletsedwa ya pa gawo 194 imaimitsa mgwirizano wonse, chifukwa Komishoni singavomereze isanakhutire kuti mulibe ngakhale imodzi.

Yoyamba ndi ndime yatsankho: yosiyanitsa antchito chifukwa cha mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, zaka, ulumali, pakati, kuyamwitsa, chipembedzo, maganizo andale, dziko lochokera, udindo wosamalira banja, kuchitiridwa nkhanza m'banja, ndi zina zotere. Lamulo limapatula malipiro apadera a achinyamata osafika zaka 21 ndi a ophunzira ntchito, limapatulanso njira zapadera zokwezera gulu lotsalira. Yachiwiri ndi ndime yolola kapena yofuna kuti munthu azunzidwe chifukwa cholowa kapena kusalowa yuniyoni, kapena chifukwa chogwiritsa ntchito ufulu wake. Choncho mawu akuti "mamembala a yuniyoni ndiwo oyamba kukwezedwa" afufuteni. Ndalama ija ya mlandu wa Electrolux nayonso tsopano ili m'gulu lino, yatchulidwa ndi dzina.

Ndiye pali ndime zolimbana ndi magawo ena a lamulo. Munthu amapeza ufulu wodandaula kuti wachotsedwa ntchito mopanda chilungamo akagwira miyezi 6, kapena miyezi 12 pa bizinesi ya antchito osafika 15. Mgwirizano sungafupikitse nthawi imeneyi, ndiponso sungalande kapena kuchepetsa ufuluwo. Ambiri amadabwa kumva kuti ngakhale kufupikitsa, komwe n'kokomera wantchito, n'koletsedwa. Ndi mmene zilili. Simungalembe malamulo anuanu a sitalaka otsutsana ndi a m'lamulo. Simungapatse mkulu wa yuniyoni ufulu wolowa pakampani kudzafufuza kuphwanyidwa kwa lamulo kapena kudzacheza ndi antchito mosatsata njira yoikika, imene imafuna chiphaso komanso, nthawi zambiri, chidziwitso cha maola 24. Kulowa pa zifukwa zina, monga kudzaimira munthu pa mkangano, mgwirizano ukhoza kulola. Ndime yopatsa wantchito kapena bwana njira yotulukira mu mgwirizano payekha ndi yoletsedwa. Thumba la penshoni limene mwalitchula kuti ndiko kupite ndalama za amene sanasankhe okha liyenera kukhala lokwaniritsa zimene lamulo likufuna, ndipo migwirizano yopangidwa kuyambira pa 1 Januwale 2021 singamangirire munthu ku thumba limodzi. Palinso chiletso china cha ndime zokhudza mabungwe ozimitsa moto ndi anthu ongodzipereka, chimene chinabwera mu 2016 chifukwa cha mkangano wa ku Country Fire Authority ku Victoria. Ngati simuli m'ntchito imeneyo, ingochidutsani.

Chinanso chaching'ono: ndime youza antchito kuti asaululirane malipiro awo ilibe mphamvu kuchokera pa kusintha kwa lamulo kwa mu Disembala 2022.

Chachisanu: yezani ndi mlingo wapansi, munthu mmodzimmodzi

Ndime ikhoza kukhala yololedwa koma n'kugwabe chifukwa yatsika kuposa pamene lamulo linaika malire. NES imapatsa wantchito wokhazikika malire a maola 38 pamlungu, kupatulapo owonjezera oyenera, milungu 4 ya tchuthi cholipidwa pachaka kapena 5 kwa ena a mashifiti, masiku 10 a matenda kapena odwazika, masiku 10 olipidwa kwa wochitiridwa nkhanza m'banja, miyezi 12 ya tchuthi chosalipidwa cholerera mwana, ndi zina. Mgwirizano ukhoza kuwonjezera pamenepa, koma sungachotse. Ndime yogulitsa tchuthi kuti mulandire ndalama imatheka pokhapokha munthu atatsala ndi milungu 4, ndipo ulendo uliwonse pasainidwe pepala lakelake. Malipiro oyambira nawo sangatsike kuposa a mu award, osati pa tsiku lovomereza lokha, koma nthawi yonse imene mgwirizano ukugwira ntchito.

Kenako pamabwera mayeso akulu otchedwa BOOT, ofunsa ngati wantchito aliyense, zonse zikaphatikizidwa, akupeza bwino kuposa mmene akanapezera pa award. Mawu akuti "aliyense" muwagwiritsitse. Tengani pepala, tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti award imapereka madola 30 pa ola m'kati mwa mlungu ndi madola 45 Lamlungu. Kampani ikuti, tiyeni tifewetse zinthu, aliyense alandire madola 33 tsiku lililonse. Mayi wogwira maola 38 kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu wapindula madola 114 pamlungu, ndipo adzavota mosangalala. Mnyamata wa pasukulu amene amagwira maola 8 Lamlungu ndi maola 8 Lolemba akanalandira 360 kuphatikiza 240, omwe ndi madola 600. Pa mgwirizano watsopanowu alandira 528. Waluza madola 72 mlungu uliwonse, ndipo mgwirizanowo wagwa, ngakhale anthu 9 pa 10 alionse atapindula.

Izi si nthano. Mu 2016 wantchito wina wa maola ochepa, Duncan Hart, anatsutsa mgwirizano wa masitolo a Coles umene unkakhudza antchito oposa 70,000, ndipo akuluakulu a Komishoni omva apilo anapeza kuti ogwira usiku ndi kumapeto kwa mlungu ankaluza. Zokoma zina zimene kampaniyo inatchula sizinakwanire kukwirira dzenjelo, chifukwa si aliyense akanazigwiritsa ntchito. Kuyambira pa 6 Juni 2023 Komishoni imayang'ana kagwiridwe ka ntchito kamene n'koyembekezeka ndithu, osati kongopeka, ndipo ikhoza kuunikanso mgwirizano pambuyo pake ngati kagwiridwe kasintha. Langizo langa: tengani ndandanda yeniyeni ya mashifiti a mwezi watha, sankhani anthu asanu amene maola awo ndi oipitsitsa, muwawerengere. Musayambe ndi amene ali pabwino.

Chachisanu ndi chimodzi: onani ngati zokakamizidwa zilimo

Tsiku lothera liyenera kulembedwa, ndipo lisapitirire zaka 4 kuchokera tsiku limene Komishoni yavomereza. Tsikuli likadutsa mgwirizano sufa. Umapitirira mpaka utalowedwa m'malo kapena kuthetsedwa. Chimene chimatseguka ndi khomo la sitalaka yotetezedwa.

Payenera kukhala njira yothetsera mikangano yokhudza mgwirizanowo ndi NES, yolola Komishoni kapena munthu wina woima payekha kulowererapo, ndiponso yolola wantchito kukhala ndi womuimira. Pa ndime imeneyi ndikupemphani muvale magalasi. Lamulo silikakamiza kuti woweruzayo akhale ndi mphamvu yogamula. Izi zinatsimikizidwa mu 2010 pa mlandu wa Woolworths. Ngati ndime yanu ikungoti Komishoni "iyanjanitse", kapena ikuti igamule "mbali zonse zikavomera", ndiye kuti tsiku limene bwana wakana, nkhani yathera pomwepo, kwatsala n'kukhoti kumene kumafuna ndalama ndi nthawi. Ndaonapo anthu akusinthanitsa mphamvu yogamulayi ndi kakwezedwe kochepa ka malipiro, chaka chisanathe n'kuyamba kuluma chala. Kwa ine, ndime imeneyi ndi yofunika kuposa theka la peresenti.

Pakhalenso ndime yolola bwana ndi wantchito mmodzi kusintha zina mwa mgwirizano mogwirizana ndi zosowa zawo, bola wantchitoyo apeze bwino ndipo athe kutulukamo ndi chidziwitso chosapitirira masiku 28. Inu ndi amene mumasankha kuti kusinthako kufike pati, choncho lembani malire ake momveka. Pakhale ndime yokambirana ndi antchito pakabwera kusintha kwakukulu kapena kusintha kwa maola ndi mashifiti. Ziwirizi mukaziiwala, Komishoni imangoikamo ndime zake zachitsanzo, mwina zosakukomerani. Pomaliza, migwirizano yovoteredwa kuyambira pa 1 Julayi 2024 iyenera kukhala ndi ndime ya ufulu wa nthumwi za yuniyoni pamalo a ntchito, yosachepera imene ili mu award. Gulu la antchito okhudzidwa nalonso liyenera kusankhidwa mwachilungamo, osati kungotola anthu anayi okondedwa kuti avotere mgwirizano wodzamanga mazana.

Chachisanu ndi chiwiri: musanatule zida pansi, bwererani ku cholembera chofiira chija

Sitalaka imatetezedwa ngati ikulimbikira zofuna zimene ndi zololedwa zokhazokha, kapena zimene muli ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti n'zololedwa, ndipo siyenera kukhala yofuna ndime yoletsedwa. Apa ndiye pamene ndime yakufa ija imadzuka n'kuluma. Kampani ikaonetsa kuti mukulimbikira kuletsa makontirakitala onse, loya wanu atakuuzani kale kuti n'zosatheka, chitetezo chikhoza kuchoka. Zikatero Komishoni imalamula kuti mubwerere kuntchito, bwana amayenera kudula malipiro a maola osachepera 4 pa tsikulo ngakhale munaima mphindi 20 zokha, ndipo yuniyoni ikhoza kusumiridwa chifukwa cha zimene kampani yataya. Walira mvula walira matope, inde, koma matope amenewa ndi opeweka. Musanapemphe voti ya sitalaka, lembani kalata yochotsa kapena yokonza zofuna zonse zokayikitsa, muitumize ku kampani, musunge kope lake. Malamulo ena a sitalaka, monga voti yapadera, msonkhano woyanjanitsa ndi chidziwitso cha masiku 3 a ntchito, ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga chofuna chimene chili kunja kwa mpanda koma mbali zonse zikuchifuna? Ambiri amachilemba pa chikalata china chapadera, kunja kwa mgwirizano. Dziwani kuti chikalata chotere sichitetezedwa ndi zilango za Fair Work Act, ndipo simungachinyanyalire ntchito motetezedwa. Mphamvu yake imadalira mmene chalembedwera, choncho apa loya ndi wofunika.

Chomaliza: kalendala

Ndime zikhoza kukhala zangwiro koma mgwirizano n'kukanidwa chifukwa cha masiku. Bwana apereke chidziwitso cha ufulu wokhala ndi wokuimirani pasanathe masiku 14 zokambirana zitayambika mwalamulo, ndipo mawu a chidziwitsocho asawonjezedwe kapena kuchotsedwa. Voti isachitike pasanadutse masiku 21 kuchokera pa chidziwitso chomaliza. Antchito apatsidwe nthawi yokwanira yowerenga, imene mfundo za Komishoni zimaiika pa masiku 7 athunthu, ndipo afotokozeredwe tanthauzo la ndime m'njira yoganizira achinyamata komanso anthu amene Chingerezi si chinenero chawo. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, funsani mopanda manyazi. Kufotokoza ndi udindo wa bwana, si chifundo. Mgwirizano umapangidwa pamene ambiri mwa amene aponya voti yovomerezeka anena kuti inde, ndipo upite ku Komishoni pasanathe masiku 14, pa fomu F16 limodzi ndi chikalata cha umboni cha wolemba ntchito. Ukavomerezedwa umayamba kugwira ntchito pakatha masiku 7, kapena pa tsiku lina lam'tsogolo limene mwalemba.

Komishoni ikapeza chilema, kawirikawiri sikana nthawi yomweyo. Imalola bwana kulemba lonjezo lokonza, mwachitsanzo kuti ogwira Lamlungu adzalandira mlingo wa mu award, bola lonjezolo lisasaukitse wantchito kapena kusintha mgwirizano kwambiri. Oimira antchito amafunsidwa maganizo, ndiye imelo yochokera ku Komishoni ikabwera muyankhe nthawi isanathe. Malonjezo amenewa amasanduka ndime za mgwirizano, koma salowetsedwa m'kati mwa masamba. Amamatidwa pa chigamulo kapena kumapeto kwa chikalata. Choncho mukatsitsa kope lovomerezedwa, yambani kuwerenga masamba omatidwawo, kenako lembani ndi dzanja pambali pa ndime iliyonse imene yasinthidwa, kuti mnzanu wa shifiti yausiku akadzatsegula tsamba 23 asadzawerenge mawu amene anasiya kugwira ntchito.